Mpanda wa Masau wa Tabeth Sakala

Amene amapita kukatunga madzi ku mtsinje wa Lupande kuchokera m'mudzi mwathu amadutsa m'mbali mwa mpanda wa masau wozungulira dimba lalikulu. Ana a masiku ano amalitcha dimba la a Adamson. Koma mpandawo anabzala ndi mlongo wawo wamkulu, Tabeth Sakala, amene tonse tinkamuitana kuti amake Christine. Ine ndinabwera chitengwa m'mudzimo mpandawo usanabzalidwe, ndipo khomo langa linayang'anana ndi lake, choncho zambiri ndinaziona ndi maso.

Tabeth anali mayi wamfupi, wosalankhulitsa, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Mikono yake inali ndi timizere toyera kuyambira m'zala mpaka m'zigongono. Zinali zipsera za minga. Mwamuna wake, Josiah, anapita ku migodi dziko lisanalandire ufulu. Anatumiza bulangete kamodzi, kenako kunangoti zii. Anamusiyira ana awiri, Christine ndi Edmund.

Malo amene Tabeth anasankha kulimapo dimba panalibe amene ankawafuna. Nthaka yake inali yakuda, yosunga chinyontho mpaka mu Okutobala, koma anali panjira ya nguluwe ndi mvuu. Kwathu kuno dimba amalitchinga ndi nthambi zaminga zodula, ndipo kudulako ndi ntchito ya amuna. Nthambizo zimauma, chiswe n'kudya, chaka chamawa muyambirenso. Tabeth analibe mwamuna woti azimudulira. Ndiye anaganiza zoti mpanda wake ukhale wamoyo.

Msau ndi mtengo wam'tchire. Umamera paliponse pamene njovu zadutsa, chifukwa njovu zimakonda zipatso zake ndipo nthanga zimatulukira m'ndowe. Tabeth anali ataona kuti nthanga yolavula munthu imachedwa kumera, nthawi zina osamera n'komwe, pamene yodutsa m'mimba mwa njovu imaphukira mvula yoyamba. Choncho mu Ogasiti, masau atatha m'tchire, ankasenza dengu n'kulondola njira za njovu cha ku Luangwa, akuphwanya ndowe zouma ndi kamtengo n'kumatola nthanga.

Chaka chimenecho mlongo wake Adamson anali atabwerera kuchokera ku Fort Jameson. Anam'chotsa ntchito pa sitolo ya mmwenye atam'peza ndi khadi la chipani. Analibe mkazi, analibe munda. Ankagona m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya Tabeth, n'kumadya m'mbale imodzi ndi Edmund. Popeza mkazi sayenda yekha m'njira za njovu, iye ndi amene ankamuperekeza, mkondo uli kumanja.

Tsiku lina ndinawapeza akubwerera, Adamson atasenzera dengu paphewa, nkhope atayang'anitsa kumbali.

"Mlamu, taonani," anandiuza. "Akazi anzanu akutola nkhuni, alongo anga akutola ndowe. Ine wa sitandade foro ndasanduka wonyamula za njovu."

"Nyamula bwino, ungataye," anatero Tabeth. "Ukadzamwa kachasu wake udzaiwala fungo."

"Ndikadzamwa ndidzalengeza pabwalo kuti mowa uwu unayambira kumbuyo kwa njovu."

Tonse tinaseka, Tabeth yemwe.

Anabzala nthangazo mizere iwiri kuzungulira dimba lonse, n'kusiya khomo limodzi cha kumudzi. Chilimwe choyamba ankathirira kamtengo kalikonse ndi mtsuko, madzi otunga pachitsime chofukula mumchenga wa Lupande. Pamene zinafa anabzalanso. Mitengo itafika m'chiuno anayamba kupinda nthambi zanthete n'kumazilukanitsa ndi za mtengo woyandikana nawo, kuti zikakhwima zigwirane. Msau uli ndi minga iwiriiwiri, wina woongoka, wina wokowa ngati mbedza. Woongokawo umabaya polowetsa dzanja, wokowawo umang'amba potulutsa. Tabeth ankamanga nsanza m'manja, koma nsanza sizinkafika m'zigongono.

Mpanda utakhwima, nguluwe zinasintha njira. Mvuu zinkafika, n'kununkhiza, n'kubwerera. M'katimo munayamba kutuluka mpiru, matimati, maungu ndi chimanga chachiwisi nthawi imene madimba ena anali fumbi lokhalokha.

Koma mpanda wa masau uli ndi vuto lake. Nyengo yozizira ikafika, zipatso zimapsa n'kumayoyoka, ndipo zikagona pansi padzuwa zimatulutsa fungo limene njovu zimalimva zili kutali. Njovu siiopa minga. Ikabwera kudzadya masau imathyola mpanda, n'kumalizira ndi zam'kati. Choncho kuyambira mu Juni mpaka masau atatha, Tabeth ankalawirira m'mamawa uliwonse ndi ngowe, ndodo yaitali yokowa kunsonga. Ankagwedeza nthambi, kutola akupsa, kusesa ngakhale oola n'kukawakwirira. Pansi pa mpanda wake pankakhala poyera ngati pabwalo la tchalitchi.

Masauwo ankawayanika pamphasa mpaka atakwinyika, n'kuwasunga m'mitsuko yomata pakamwa. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, ankawasinja n'kuphika phala lowawasa. Phala limenelo linalera ana ambiri. Adamson atakwatira n'kubereka, ana ake ankabwera ndi timbale tawo pakhomo pa azakhali awo osaitanidwa. Masau ena ankawatcheza kachasu, ndipo Adamson sanaiwale lonjezo lake: ankamwa, n'kumafotokozera anzake kumene mowawo unayambira.

Kwathu kuno malo a dimba sakhala a munthu mpaka kalekale. Mtsinje umasuntha, anthu amasamuka, ndipo malo ongolimidwa ndiwo akhoza kupatsidwa kwa wina akuluakulu akagwirizana. Chimene chimamanga malo ndi mtengo wobzala. Pamene pali mango, nthochi kapena mapapaya a munthu, palibe angam'chotse, ngakhale adzukulu ake. Koma mtengo wam'tchire sumanga malo. Bwemba, mlambe, msau, zonsezi ndi za Mulungu, ndipo zipatso zake ndi za aliyense wotola.

Delia, msuweni wake wa Tabeth, mayi wapakamwa posapsatira, anamuchenjeza tikutsuka mbale kuchitsime.

"Amake Christine, ponyanipo mango amodzi pakati pa dimba lanulo. Masau anthu sawawerengera."

"Mthunzi wa mango umapha ndiwo," anayankha Tabeth.

"Ndiye nthochi pakona."

"Nthochi ndiye kuitana njovu chaka chonse. Ndani sadziwa kuti mpandawo ndinabzala ndine? Amene anasenza dengu alipo. Mango ndi a anthu opanda alongo."

Delia anangopukusa mutu n'kupitiriza kukwecha mphika. Tabeth sankalankhula zopanda pake. Mwa mwambo wathu mlongo wamwamuna ndiye mwini mbumba. Nkhani ya munda, ya ukwati kapena ya mlandu ikafika pabwalo, mkazi amakhala pansi, mlongo wake n'kumuyankhulira. Adamson anali wamng'ono kwa iye, koma mwamuna wa m'mimba mwa mayi awo anali yekhayo.

Ufulu utabwera, khadi lija limene linam'chotsetsa ntchito linam'kweza. Adamson anakhala wapampando wa nthambi ya chipani, ndipo anthu anayamba kumuitana kuti a Tcheyamani. Sanali munthu woipa mtima. Ankathamangathamanga ndithu kuti mudzi upeze sukulu. Njerwa za sukuluyo tinaponda dothi lake ndife akazi, madzi tinatunga ndife, kusenza kupita nazo ku uvuni ndife. Tsiku lotsegulira anaimiritsa amuna a komiti kuti anthu awaombere m'manja, ife tili kuseri tikuphikira alendo. Tabeth ndiye anafulula mowa wa tsikulo ndi mapira a m'nkhokwe yake.

Kenako kunabwera nkhani ya kopaletivi. Boma linkalimbikitsa amuna kuti agwirizane m'magulu, alime pamodzi, ndipo gulu lokhala ndi malo abwino lidzalandira mbewu, feteleza, mwinanso thirakitala. Malowo anayenera kukhala opanda mwini, oyandikira madzi ndiponso otetezeka ku nyama. Amuna a m'mudzi mwathu anayendera gombe lonse. Malo opanda mwini analipo ambiri, koma onse ankafuna kugwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kumanga mpanda. Malo otchingidwa kale anali amodzi okha.

Mphekesera zinafika kwa Tabeth kudzera kuchitsime. Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, anamuitana mlongo wake. Ine ndinali pakhonde pake tikusola thonje la m'pilo. Adamson anakhala pampando, Tabeth n'kumuikira mbale ya masau ouma pafupi.

"Adamu, ndikumva kuti mawa kukubwera mlangizi kudzaona dimba langa."

"Akudzaona gombe lonse, alongo. Osati lanu lokha."

"Amalume a Japhet akuuza anthu kuti mwasankha kale."

"A Japhet amalankhula mowa usanalowe n'komwe." Anatola masau angapo n'kuponya m'kamwa. "Inu musadzavutike n'kuyankhula. Pamitingi ya boma mawu amafuna kusanja. Siyirani ine. Ndinayamba ndakusiyani pamadzi liti?"

"Sunayambe," anatero Tabeth.

Mlangizi anafika m'mawa mwake pa landirova. Anali mnyamata wamtali wochokera ku Barotse, dzina lake a Obrien, ndipo Chinyanja ankachiyankhula pang'onopang'ono mosamala. Amuna anatsagana naye kuzungulira dimba. Akazi tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba pafupi ndi khomo la mpanda, pamene tinkamva zonse. Tabeth anavala chitenje chake cha kutchalitchi.

A Obrien anaima, n'kugwira nthambi imodzi yolukidwa, n'kuyang'ana mzere wonse mpaka kukona.

"A Tcheyamani, ngati pano pali mtengo wobzala munthu, malo ano sitingatenge. Mpanda uwu anabzala ndani?"

Tabeth anaweramitsa mutu, manja ali pamiyendo, monga amachitira mkazi mlongo wake akamamuyankhulira.

"Awa ndi masau, bwana," anatero Adamson. "Masau sabzalidwa. Funsani aliyense m'chigwa muno. Amabzala ndi njovu."

"Koma ali mumzere."

"Njovu zimayenda mumzere, bwana. Pamene zadzithandiza ndi pamene pamera."

Amuna anaseka kwambiri, a Japhet mpaka kutsamira pa mnzawo. Tabeth anadzutsa mutu n'kuyang'ana mlongo wake. Adamson ankayang'ana nsapato za mlangizi.

"Njovu yake inali yovala chitenje," anatero Delia mokweza, "ndipo wina ankaisenzera dengu."

Kuseka kunachepa. A Obrien anatembenukira kwa akazi n'kufunsa kuti amalima m'katimo ndani. Tinamuloza Tabeth. Anabwera pafupi n'kuvula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Mitengo iyi, mbewu yake inachokera kuti?"

Tabeth sanazolowere kuyankhula pamaso pa amuna ambiri chotero, ndipo bodza sankalidziwa. Anayamba nkhani poyambira pake.

"M'ndowe za njovu, bambo. Ndinkapita mu Ogasiti..."

"Mwamva nokha, bwana," anatero Adamson.

Amuna anasekanso. Tabeth anayesa kupitiriza, koma a Japhet, amene anali malume awo a mbali ina, anakweza dzanja.

"Amake Christine, mlongo wanu wayankhula kale. Mukufuna alendo anene kuti mbumba ino ilibe mwini?"

Tabeth anatseka pakamwa. A Obrien anaima kanthawi akuyang'ana mikono yake. Ndikhulupirira kuti anaona zipserazo. Koma anali mlendo, wapampando wa chipani anali atayankha, akuluakulu onse anavomereza, ndipo midzi ina inkamudikira. Anavala chipewa n'kunena kuti mayiwa aloledwe kukolola zimene zili m'katimo, ndiponso apatsidwe malo ena.

Malo enawo anali kumtunda kwa mtsinje, pamchenga pamene madzi amathawa mu Ogasiti. Tabeth anakolola matimati ndi maungu ake, anazula mpiru, n'kutuluka. Sanapite kukadandaula kwa wina aliyense. Akanapita ndi ndani, poti womuperekeza kubwalo anayenera kukhala Adamson yemweyo? Ana a Adamson atabwera ndi timbale tawo mu Januwale, anawagawira phala monga kale. Delia anam'kalipira chifukwa cha zimenezo, iye n'kungoti ana sanali pamitingi.

Kopaletivi inalima dimbalo dzinja limenelo. Mamembala anali amuna okhaokha, koma kupalira ndi kuthirira tinkachita ndife akazi awo. Mvula itatha anabzala kabichi ndi anyezi, ndipo zinakula bwino, chifukwa nthakayo Tabeth anali ataithira manyowa zaka zonsezo.

Juni atafika, masau anayamba kuyoyoka. Palibe amene anatola kupatula ana odutsa. Fungo linafika mpaka m'mudzi. Tsiku lina m'mawa anthu anapeza mapazi a njovu kutsidya kwa Lupande, moyang'anana ndi dimba. Masana ake Adamson anafika pakhomo pa mlongo wake. Sanakhale pampando. Anaima pafupi ndi mtondo, chipewa chili m'manja.

"Muli bwanji, alongo?"

"Ndili bwino, kaya iwe."

"Masau aja akungoonongeka. Ndimati ndikuuzeni kuti musamangike. Zipatso zam'tchire ndi za aliyense. Mukhoza kumatola monga kale, kunja ndi m'kati momwe. Khomo ndiwauza anyamata asamatseke m'mawa."

"Akazi a mamembala alibe manja?"

"Akuti minga. Komanso sadziwa kugwedeza, akuthyola nthambi." Anazunguliza chipewa. "Inu mumadziwa."

"Njovu zafika pati?"

"Kutsidya," anatero Adamson.

Tabeth anapitiriza kupeta mapira. Mankhusu ankauluka n'kumatera pa buluku la Adamson, iye osasuntha.

"Adamu, dengu lija linkalemera?"

"Alongo, zinthu za chitukuko..."

"Ndangofunsa za dengu."

"Linkalemera," anatero motsitsa mawu.

"Chabwino. Pita."

Madzulo Delia anabwera atamva nkhaniyo. Anauza Tabeth kuti asapite, azisiye njovu zidye kabichi wa kopaletivi ndi mpanda womwe, poti akuti ndi zimene zinabzala. Tabeth anamvetsera mpaka Delia atatopa. Kenako anati dimba lapamchenga silinabereke kanthu, mitsuko ya masau ili pululu, ndipo Januwale sachedwa. Anatinso njovu ikathyola msau wolukidwa, umang'ambika mpaka kutsinde, suphukanso bwino.

M'mawa mwake anatenga ngowe ndi dengu. Anatola chaka chimenecho, n'kutolanso chaka chotsatira. Njovu sizinawoloke. Pamisonkhano a Tcheyamani ankayamikiridwa kuti dimba la kopaletivi yawo ndi lokhalo m'gombe lonse limene nyama sizinalowemo.

Kopaletiviyo sinakhalitse. Thirakitala inabwera kamodzi, inafera m'matope a dambo, n'kukhala komweko mpaka inachita dzimbiri. Kabichi ankaolera m'madengu podikira galimoto yopita naye ku boma. Amuna anayamba kukangana, ena anapita kukagwira ntchito kumakampu a alendo oona nyama ku Chinzombo, ndipo gululo linangotha lokha popanda wolithetsa. Apo Tabeth anayamba kuyembekezera. Anandiuza tsiku lina kuti poti boma lachokamo, Adamu abwera kudzamuuza kuti abwerere m'dimba mwake. Anasunga mbewu ya mpiru ndi ya maungu m'chikho, n'kuipachika kudenga. Dzinja lonse anadikira. Adamson ankadutsa pakhomo, kupereka moni, n'kupitirira.

Masau atapsanso, ndinapita naye kukamuthandiza kutola, chifukwa msana unali utayamba kumuvuta. Tinamaliza kunja, n'kulowa pakhomo kuti titole am'kati. Dimba linali losalimidwa, udzu wouma ukufika m'mawondo. Koma pakati penipeni panali polambulidwa bwino, ndipo pamenepo panali kamtengo ka mango, masamba ake anthete akadali ofiirira. Dothi lake linali lonyowa, lothiriridwa m'mawa womwewo. Kuti mbuzi zisakadye, anakazunguliza ndi nthambi zaminga. Nthambizo zinali za msau, zodulidwa ndi nkhwangwa pampanda wa kumadzulo, pamene panatsala mpata woti nguluwe n'kulowa osakhudza munga.

Tabeth anatula dengu pansi. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana kamtengoko.

Adamson anatulukira kuchokera kumtsinje atanyamula ndowa. Atationa anaima, madzi n'kutayikira pamwendo pake.

"Ndi ka mthunzi chabe, alongo," anatero. "Munthu ukamalima umafuna pokhala."

Tabeth anapita pampata paja, anagwada, n'kuyamba kukoka nthambi zanthete za mbali iyi ndi iyo, kuzipinda ndi kuzilukanitsa. Nsanza zomanga m'manja sanabwere nazo. Ndinamuuza kuti asiye, akuchucha magazi, koma anapitiriza mpaka mpata unatsekeka. Adamson anali chiimire ndi ndowa yake.

Atamaliza anapukuta manja pachitenje, ndinamusenzetsa dengu, iye n'kutembenukira kwa mlongo wake.

"Tsalani bwino, a Tcheyamani."

Kuyambira tsiku limenelo sanamuitanenso kuti Adamu, ngakhale pamaliro, ngakhale chipani chitasankha wapampando wina. Ngowe yake anaipereka kwa mkazi wa Adamson, ndipo m'dimbamo sanapondemonso. Masau ankakatola kutchire, kutali, kumene amalimbirana ndi anyani. Mbewu ya m'chikho ija anakaibzala pamchenga.

Mango aja tsopano ndi mtengo waukulu. Mthunzi wake unaphimba pakati ponse pa dimba, ndipo ndiwo amangolima m'mbalimbali, pafupi ndi mpanda.